Kompyuta Ikaimba Molakwa, Wolakwa Ndani?

Masiku apitawo, poyendera ophunzira athu amene ali m'masukulu kuyesera ntchito ya uphunzitsi, tinafika pa sukulu ina ya pulaimale tsiku limene mmodzi wa iwo anakonza zophunzitsa nyimbo ya mawu anayi ku kwaya ya ana okulirapo. Mnyamatayo anali wakhama ndithu. Nyimboyo anaipeza pa intaneti, naitsegula m'pulogalamu yolembera nyimbo pa laputopu yobwereka, ndipo anauza anawo kuti atchere khutu popeza makinawo ndiwo ayambe kuimba. Atadina batani sipanamveke kanthu. Anadinanso kachiŵiri ndi kachitatu, thukuta lili kamukamu, ana nayamba kunong'onezana. Patapita mphindi khumi mawu anatuluka, koma anyamata oimba tenala poyesa kutsatira anapezeka akulira pamwamba pa atsikana a aluto, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Titakhala naye pansi phunziro litatha, tinamfunsa chifukwa chake sanawaletse anawo. Iye anayankha mwaulemu nati, "Ndi mmene kompyuta inaimbira, aphunzitsi."

Yankho limenelo takhala tikulisinkhasinkha kufikira lero. Mphindi khumi zotayika zija n'zochepa. Zotere zimamgwera mphunzitsi aliyense, ngakhale wa choko ndi bolodi. Chotidetsa nkhaŵa ndi chakuti mphunzitsi anamva ndi makutu ake kuti ana akuvutika, komabe anakhulupirira makina koposa makutu akewo. Ife tikuti pulogalamu yolembera nyimbo ndi woŵerenga chabe, wofanana ndi mwana amene mwamuimiritsa kuti aŵerenge ndime mokweza. Imaŵerenga chimene yapatsidwa, ndipo pamene papepala pafufutika imangoganizira. Mwana akaŵerenga molakwa, mphunzitsi wodziŵa ntchito yake amafufuza ngati cholakwacho chili m'buku, m'maso mwa mwanayo, kapena m'makutu mwa omvera. Luso lomwelo ndilo lifunika pano, ndipo n'lophunzirika.

Tiyambe ndi kudziŵa chimene chimatifika pamene tinena kuti tatenga nyimbo. Mapulogalamu olembera nyimbo pa mizere isanu alipo angapo. Pali Sibelius, imene abale aŵiri a ku England, Ben ndi Jonathan Finn, anatulutsa mu 1993. Pali Dorico ya kampani ya Steinberg, ya mu 2016. Panali Finale, imene inayamba mu 1988, eni ake nalengeza mu Ogasiti 2024 kuti aleka kuikonza ndi kuigulitsa. Ndiye pali MuseScore, imene ambiri a inu mwazoloŵera popeza ndi yaulere. Iliyonse mwa izi imasunga nyimbo m'chinenero chakechake, kotero kuti nyimbo ikamachoka m'pulogalamu ina kupita m'inzake imadzera mwa womasulira. Omasulira odziŵika ndi aŵiri, MIDI ndi MusicXML. Amene anakhalapo pa msonkhano wa womasulira adziŵa kuti mawu ena amatsalira m'njira, ndipo kuti womasulira aliyense ali ndi zakezake zimene amakonda kutaya.

MIDI ndiye wamkulu pa aŵiriŵa. Anayamba mu 1983. M'fayilo ya MIDI mulibe mawu omveka ngakhale pang'ono. Muli malamulo okhaokha: dina noti yakuti, pa nthaŵi yakuti, ndi mphamvu yakuti, uileke pa nthaŵi yakuti. Noti iliyonse ili ndi nambala yake kuyambira 0 kulekeza 127, ndipo C wapakati pa piyano ndi 60. Popeza ndi manambala basi, MIDI sasiyanitsa B flat ndi A sharp. Inu a solofa mudziŵa kuti m'kiyi ya C yoyambayo ndi ta, inayo ndi le, ndi kuti ntchito zawo m'nyimbo n'zosiyana. Koma kwa MIDI zonse ziŵiri, zikakhala pamwamba pa C wapakati uja, ndi 70. Chifukwa chake nyimbo yochokera mu MIDI kaŵirikaŵiri imamveka bwino m'khutu, koma papepala imaoneka ngati papalasa nkhuku, makamaka ngati munthu anachita kuiimba ndi manja pa kiyibodi. Mumapezamo timanoti tatifupitifupi ndi tizizindikiro topumira paliponse pamene woimbayo anangokweza chala msanga.

MusicXML ndi wamng'ono. Anamuyambitsa Michael Good. Mtundu wake woyamba unatuluka mu 2004, wachinayi mu 2021. Iyeyu amanyamula zolembedwa: mizere, manoti ndi maina ake enieni, mawu a nyimbo ndi zizindikiro, motero papepala amaoneka bwino. Za kamvekedwe amanyamula zochepa. Amangonena kuti mzere uwu ndi wa chida chakuti, ndipo nthaŵi zina sanena n'komwe. Mawu amene mumamva amatuluka m'nkhokwe ya mawu imene ili m'kompyuta yanu, osati m'fayilo. N'chifukwa chake nyimbo imene inamveka ngati kwaya yaikulu pa kompyuta ya mnzanu ingathe kumveka ngati piyano yotopa pa yanu, fayilo ili yomweyo.

Njira yachitatu ndi ya PDF kapena chithunzi cha tsamba, ndipo ndiyo yobala mavuto ochuluka. Tsamba lotere lilibe manoti amene makina angaimbe. Ndi maonekedwe okha. Mapulogalamu onga Audiveris ndi PhotoScore amayesa kuzindikira madontho ndi mizere n'kuzisandutsa manoti, ndipo pa tsamba loyera amachita bwino ndithu. Koma masamba a m'makwaya mwathu tiwadziŵa: fotokope ya fotokope, yopindikapindika, yolembedwa ndi pensulo m'mbali. Pa tsamba lotere kadontho kotalikitsa noti kamasoŵa, ndipo kachitsotso kamasanduka noti. Uphungu wathu ndi wakuti pamene pali kusankha, monga mu Choral Public Domain Library, nkhokwe ya nyimbo za kwaya imene inayamba mu 1998, tengani MusicXML kuti muimbitse, ndi PDF kuti ikhale mboni yoyerekezera nayo. Ndipo ngati mudziŵa wotsogolera kwaya amene ali ndi nyimbo zake mu Finale, mulimbikitseni azitulutse mu MusicXML pamene pulogalamuyo ikali kutseguka pa kompyuta yake.

Tsono vuto likabuka, funso loyamba ndi limene ambiri amalidumpha chifukwa cha kuphweka kwake: kodi kompyutayi ikutulutsa mawu ena alionse? Tsegulani nyimbo ina wamba kapena kanema. Zikakhalanso chete, nyimbo yanu ilibe mlandu. Mwina mawu atsitsidwa, mwina akupita kwina. Laputopu ikalumikizidwa ndi pulojekita pa chingwe cha HDMI imakonda kutumiza mawu ku pulojekitako, ngakhale iyo ilibe sipika. Za mnyamata uja zinali zoterezi: mawu ankapita ku mahedifoni a Bluetooth a mwini laputopu, amene anali m'chikwama chomwecho, ndipo nyimbo inali kuimbira m'chikwamamo nthaŵi yonse ija. Kanema akamveka, tsegulani tsamba latsopano m'pulogalamu yolembera nyimbo, mulembe do re mi, mudine. Likakhala chete, vuto lili pakati pa pulogalamu ndi sipika. Onani mu Preferences kumene pulogalamuyo ikutumiza mawu, kapena itsekeni n'kuitsegulanso sipika italumikizidwa kale, pakuti ena mwa mapulogalamuŵa amagwira sipika imene anaipeza potseguka. Do re mi akamveka koma nyimbo yobwerayo ili chete, apo pokha ndi pamene fayilo iyenera kuimbidwa mlandu. Mafunso atatuŵa satha mphindi ziŵiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amayamba ndi kufufuta pulogalamu n'kuiikanso amataya madzulo athunthu pamodzi ndi bandulo yake, vuto lili pomwepo.

Fayilo ikakhala ndi mlandu, malo oyamba kuona ndi Mixer, imene mu MuseScore imatseguka ndi batani la F10. Mmenemo mzere uliwonse wa nyimbo uli ndi pokwezera mawu pakepake, ndi mabatani aŵiri. Lina limatseka pakamwa mzerewo. Linalo, lotchedwa solo, limatseka mizere ina yonse kuti umodzi wokha umveke. Wotsogolera kwaya amene anakutumizirani fayilo angakhale anasiya aluto yekha ali pa solo pophunzitsa anthu ake, naiŵala kubweza. Mu Mixer momwemo muonanso mawu amene mzere uliwonse wapatsidwa. Nyimbo ingapemphe mawu a m'nkhokwe imene inu mulibe. MuseScore 4, imene inatuluka mu Disembala 2022, ili ndi nkhokwe yopepuka yotchedwa MS Basic imene imabwera ndi pulogalamu, ndi ina yaikulu yotchedwa Muse Sounds imene munthu amachita kuitenga payokha. Yaikuluyo ndi yokoma, koma imafuna kompyuta yamphamvu. Pa laputopu yakale mawu angathe kuthetheka ndi kudukaduka, ndipo mankhwala ake achangu ndi kubwezera mizere yonse ku nkhokwe yopepuka ija. M'kalasi timafuna noti yolondola yomveka bwino. Kukoma kwa mawu kudzachokera kwa ana.

Pamene fayilo sinanene chida cha mzere, pulogalamu imaganizira poona dzina, ndipo ikalephera imapereka piyano. Apa ndipo maina a Chingerezi amatisokoneza. Liwu lakuti Tenor ndi la munthu woimba, komanso la saxophone ndi la lipenga lina la m'bandi. Liwu lakuti Bass ndi la munthu, la gitala, ndi la chida chachikulu cha zingwe chotchedwa double bass, chimene chimamveka okitevu yathunthu pansi pa zolembedwa, ndiko kuti mtunda wonse wochokera pa do kufika pa do wotsatira. G wapansi wa woimba besi amanjenjemera ka 98 pa sekondi. Mutamtsitsa ndi okitevu amanjenjemera ka 49. Timasipika ta laputopu ndi ta foni timalephera kale kutulutsa bwino 98 uja, nanji 49. Choncho wophunzira akadza kwa ife nati besi wasoŵa, timampatsa mahedifoni. Kaŵirikaŵiri besiyo amapezeka ali momwemo, akung'ung'udza pansi pamene sipika sifika. Palinso china chofanana nacho: nkhokwe zina za mawu zinajambulidwa kuchokera ku zida zenizeni, ndipo noti ikapitirira malire a chidacho imangokhala chete. Mzere wa besi ukapatsidwa mawu a chitoliro, manoti ake ambiri sadzamveka. MuseScore imapaka manoti otere utoto wofiira, ndipo utotowo ndi chenjezo loyenera kuliŵerenga.

Mavuto ena ndi oseketsa. Mu 1991 opanga zida anagwirizana pa dongosolo lotchedwa General MIDI, limene linapatsa manambala mawu a zida 128. Piyano ndi 1, marimba ndi 13, limba la m'tchalitchi ndi 20, kwaya yoimba "aa" ndi 53, kalimba ndi 109. Koma mapulogalamu ena amaŵerenga kuyambira 1 kufika 128, ena kuyambira 0 kufika 127, kotero kuti munthu wolemba 109 m'pulogalamu ya mtundu wachiŵiriwo salandira kalimba. Amalandira chida chotsatira pa mndandanda, chimene ndi bagpipe, chitoliro cha thumba cha ku Scotland. MIDI alinso ndi njira 16 zodutsamo malamulo, ndipo ya nambala 10 anaipatulira ng'oma. Mzere wa sopulano ukagwera m'njira imeneyo, C wapakati salira ngati C. Amalira ngati kang'oma kotchedwa bongo, ndipo nyimbo yonse imasanduka chiphokoso cha ng'oma ndi zitsulo. Mzere wa ng'oma ukagwera m'njira ina, mumamva piyano ikugunda manoti apansi opanda tanthauzo. Zonsezi zimakonzeka posankhanso chida choyenera, ndipo n'zosaopsa kwenikweni, popeza ngakhale mwana wa Sitandade 1 amamva kuti china chalakwika.

Choopsa ndi cholakwa chimene chimamveka ngati nyimbo, ndipo cha tenala chija ndicho mfumu yake. M'nyimbo za kwaya zolembedwa pa mizere inayi yosiyana, tenala amalembedwa ndi chizindikiro chofanana ndi cha sopulano, chotchedwa treble clef, koma amaimba okitevu imodzi pansi pa zolembedwazo. Osindikiza a masiku ano amaika kanambala 8 pansi pa chizindikirocho kuti zidziŵike. Mabuku ambiri akale saika kanambalako, popeza woimba aliyense ankadziŵa kuti mwamuna akaona mzerewo auimba ndi mawu achimuna. Munthu akakopera buku lotere mokhulupirika, kapena makina oŵerenga chithunzi akalephera kuona ka 8 kaja, pulogalamu imaimba tenala pomwe walembedwapo, pamwamba pa aluto, mwina n'kupyola ndi sopulano yemwe. Maina a manoti onse amakhala olondola. Do ndi do, so ndi so. Nyimbo imazindikirikabe, ndipo n'chifukwa chake mphunzitsi wosachenjera sakayika. Koma mawu amene anayenera kudzaza pakati akwera padenga, nyimbo yeniyeni ya sopulano yaphimbika, ndipo mnyamata amene mawu ake angoyamba kusintha akukakamizidwa kufika kumene khosi lake silifika. Ameneyo akapita kwawo khosi likuŵaŵa amaganiza kuti iye sadziŵa kuimba, ndipo sabata yotsatira sabweranso. M'mera mpoyamba.

Kuchiyesa n'kosavuta. Ikani tenala pa solo, muimbe naye. Mphunzitsi wamwamuna ayenera kukhala bwino m'mawuwo popanda kufinya khosi. Mphunzitsi wamkazi ayenera kumva kuti mzerewo uli pansi, kumunsi kwa mawu ake. Pokonza pali msampha umodzi. Mukasintha chizindikiro n'kuika chokhala ndi 8, pulogalamu sisintha kamvekedwe. Imangosuntha manoti papepala kuti agwirizane ndi chizindikiro chatsopanocho, ndipo mudzawaona atakwera pamwamba pa mizere. Muyenera tsono kusankha mzere wonse wa tenala n'kuutsitsa ndi okitevu, chimene mu MuseScore ndi mu Sibelius chimachitika pogwira Ctrl n'kudina muvi woloza pansi. Mukatero manoti amabwerera pamalo pake, ndipo mawu amatsika. Ambiri amachita choyamba chokha nayesa kuti akonza.

Amene mudzapeza bandi ya malipenga ku sukulu kwanu mudzakumana ndi mbale wake wa vuto limeneli. Lipenga la B flat likaŵerenga C limatulutsa B flat, sitepe imodzi pansi. Horn ya F imatsika kwambiri kuposa apo. Nyimbo za zida zotere zimalembedwa mosunthidwa mwadala, ndipo fayilo iyenera kunena kuti zasunthidwa motani. Chidziŵitso chimenecho chikatayika m'njira, lipenga ndi piyano zimaimba m'makiyi aŵiri osiyana nthaŵi imodzi. Batani lotchedwa Concert pitch limaonetsa mizere yonse monga imamvekera. Lidineni, muone ngati yonse yagwirizana pa kiyi imodzi.

Tibwere ku nthaŵi. Mawu alionse olembedwa pa tsamba la nyimbo ali mitundu iŵiri kwa pulogalamu: ena ndi malamulo amene imawamvera, ena ndi zolembedwa chabe zimene imangozionetsa. Kwa diso la munthu n'zofanana. Liwu lakuti Adagio likafika ngati cholembedwa chabe, pulogalamu siliŵerenga, ndipo MuseScore ikapanda kuuzidwa liŵiro imaimba kugunda 120 pa mphindi, monganso MIDI amachitira. Ndi mmene nyimbo ya maliro imatulukira ngati ya asilikali pa perete. Zimodzimodzi ndi piano ndi forte, ndi D.C. ndi D.S. zimene zimabweza woimba kumbuyo: zikakhala zolembedwa chabe, makina amadutsa osabwerera, ndipo ana amaphunzira nyimbo yoduka mchira. Mankhwala ake ndi kufufuta mawuwo n'kuika chizindikiro chenicheni chochokera m'pulogalamu momwemo. M'nyimbo za 6/8 kugunda kumaŵerengedwa pa crotchet ya kadontho. Kadonthoko kakatayika pa chizindikiro cha liŵiro, nyimbo ya mphindi ziŵiri imatenga zitatu. Onaninso timauta tiŵiri tofanana maonekedwe. Kena kamamanga manoti aŵiri ofanana kuti akhale liwu limodzi lalitali, kenako kamangosonyeza kuti manoti aimbidwe mosaduka. Koyambako kakaŵerengedwa ngati kachiŵiri, noti imene inayenera kugwiridwa imagundidwa kaŵiri. Ndipo nyimbo yoyamba ndi kugunda kosakwanira, monga zambiri za m'tchalitchi, ingathe kufika chigawo chake choyamba chitadzazidwa ndi zopumira, kapena manoti onse atasunthira kutsogolo, mphamvu n'kumagwera pa noti yolakwika kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Woŵerenga solofa amachiona msanga chimenechi, chifukwa anazoloŵera kuyang'ana kumene mzere woima uja wagwera.

Palinso zina zimene ophunzira amabwera nazo kwa ife ngati mavuto, pamene ndi malire a makinawo, ndipo pa izi musataye tulo. Kwaya ya m'nkhokwe zimene tatchulazi siimba mawu a nyimbo. Imangoti "aa" kapena "uu". Motero singakuuzeni ngati mawu a Chicheŵa akhala bwino pa manoti. M'chinenero chathu phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto ndilo limatalika, ndipo nyimbo yomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi imatha kuika noti yaitali pa phatikizo lomaliza, liwu n'kumveka lachilendo. "M" wa mu mtima ndi mu mlendo ndi phatikizo palokha polankhula. Poimba wina ayenera kusankha ngati alandira noti yake kapena amezedwa. Makina sadziŵa zimenezi. Makina sapumanso mpweya: amatha kugwira chiganizo chachitali chimene mwana wa zaka khumi sangachimalize, ndipo malo opumira ayenera kuwaika mphunzitsi ndi pensulo. Nanga nyimbo zathu zamakolo? Piyano ndi mapulogalamuŵa amagaŵa okitevu m'masitepe 12 ofanana. Valimba ya ku Chigwa cha Shire imagaŵa mtunda womwewo m'masitepe asanu ndi aŵiri oyandikira kufanana, kotero kuti manoti ake ambiri amagwera m'mipata ya pakati pa makiyi a piyano. Nyimbo yotere ikalembedwa pa mizere isanu n'kuimbidwa ndi makina, imatuluka itavala malaya a wina. Wophunzira amene amva kuti siikumveka monga agogo ake amaimbira ali ndi makutu abwino, ndipo sayenera kuwongola agogowo kuti afanane ndi laputopu. Mapulogalamu ena amalola kusuntha noti iliyonse pang'onopang'ono, koma ntchitoyo ndi yaikulu, ndipo kuitana woimba wa m'mudzi momwemo kuti adzaimbire ana kumapindula koposa.

Tidziŵa kuti ena mwa aphunzitsi anzathu, poŵerenga zonsezi, adzati: nanga tivutikiranji? Solofa, imene John Curwen anaifalitsa ku England kuyambira m'zaka za m'ma 1840 atatengera kwa Sarah Glover wa ku Norwich, inafika kuno ndi amishoni, ndipo makwaya athu aimba mawu anayi kwa zaka zoposa zana popanda magetsi. Mfundoyi tiilemekeza, ndipo ifenso tinaphunzira kuimba mwa njira yomweyo. Koma tiganizire mphunzitsi amene watumizidwa ku sukulu yopanda limba, yopanda mnzake wodziŵa nyimbo. Iye ali ndi pakamwa pamodzi; sangaimbe mizere inayi nthaŵi imodzi kuti amve mmene ikumanirana. Pulogalamu imampatsa mwayi umenewo, imamlola kuchepetsa liŵiro pa malo ovuta, ndi kutsitsa kiyi yonse ngati yawakwerera ana. Kumletsa chida chotere chifukwa choti nthaŵi zina chimalakwa n'kumlanda khasu chifukwa choti mpini umaguluka.

Amene titsutsana nawo kwambiri ndi a mbali inayo, amene amati popeza makina amaimba, kuphunzira kuŵerenga nyimbo ndi ntchito yachikale. Taonani zolakwa zonse tatchulazi. Kupatula za sipika ndi za bagpipe, chilichonse chimapezeka ndi munthu amene ayang'ana pepala, naimba mumtima chimene chalembedwa, namva kuti makina anena china. Wosadziŵa kuŵerenga alibe choyerekezera nacho. Chimene chatuluka m'sipika ndicho nyimbo kwa iye. Ndiponso fayilo yochokera kutali si umboni wakuti nyimboyo ndi yolondola. Mawu akuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa ndi oona, koma nyimbo zambiri za pa intaneti zinakoperedwa ndi anthu odzipereka, otopa monga ife, ndipo amaphonya noti monga ife.

Chifukwa chake, pamene tidzakuyenderani m'masukulu, wophunzira amene adzagwiritsa ntchito nyimbo yoimbidwa ndi kompyuta m'phunziro la Expressive Arts kapena ku kwaya tidzamfunsa zinthu zoŵerengeka phunziro lisanayambe. Tidzafuna kudziŵa ngati wamvetsera mzere uliwonse paokha, pepala lili m'manja, akuimba nawo solofa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi ngati wauyesa pa sipika yomweyo imene adzagwiritsa ntchito m'kalasi. Tidzafuna kuona kuti nyimboyo atatha kuikonza waitulutsa mu mp3, mzere uliwonse fayilo yakeyake ndi ina ya mizere yonse pamodzi, naiika m'foni, kuti m'kalasi asadzatsegule pulogalamu konse. Pomaliza tidzampempha atseke laputopu, atipatse do, atiimbire mzere wa aluto, umene ambiri amauzemba. Amene adzalephera pamenepo tidzakhala naye pansi madzulo ake ndi pepala, ndipo phunzirolo adzaliphunzitsa tsiku lina.